Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo: mphumu ya munthu wonenepa siingathe ndi mawu akuti “muchepetse nsima”

Kwa a Nduna ya Zaumoyo, aphungu a m'komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo, ndi nonse oyang'anira zipatala m'maboma,

Olemekezeka,

Landirani moni wanga, ndipo ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine sindine dokotala. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Blantyre, ndipo zochepa zimene ndikudziwa za mphumu ndinayamba kuziphunzira pa benchi ya chipatala pakati pa usiku, nditagwirizira chitenje ndi buku la kuchipatala la achemwali anga. Zotsalazo ndinachita kufunsa ndi kuwerenga, chifukwa funso limodzi linkandisowetsa tulo: zikutheka bwanji kuti munthu amene sajomba kuchipatala azingoipiraipira? Sinditchula chipatala kapena munthu aliyense amene takumana naye. Ambiri mwa anamwino ndi madokotala aja ndi anthu otopa, ogwira ntchito ndi zimene azipeza pa shelefu. Ndalembera inu chifukwa ndinu amene mumasankha zoti zikhale pa shelefupo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Achemwali anga ali ndi zaka 46, amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika. Tikukula kumudzi mphumu sankaidziwa. Ankasenza ndowa kuchokera kudambo osatula panjira. Befu linayamba atabereka mwana wachitatu, nthawi imene thupi nalo linayamba kukula. Poyamba tonse tinakondwa. Kuukwati, kumaliro, aliyense ankati, “Koma ndiye mwanenepatu, tauni yakuyanjani.” M'buku lawo lakale muli makilogalamu 64. Chaka chatha nditawanyengerera kukwera pa sikelo yolipitsa ya m'mbali mwa msewu, inaloza pa 98. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thupi limene tinkaliyamikira lija lero silikwera kachitunda ka kwathu osaima katatu, ndipo June akafika, chiperoni chitatsika, amagona chokhala atatsamira khoma, m'chifuwa mukulira ngati mwana wa mphaka.

Musayese kuti ndi nkhani ya banja limodzi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera kuposa mmene kutalika kwawo kumalolera, pomwe mu 1992 anali 10 okha. M'tauni anali 36. Ofufuza a bungwe la MEIRU atayeza anthu akuluakulu ku Area 25 ku Lilongwe ndi kumidzi ya ku Karonga, anapeza amayi otere 44 mwa 100 m'tauni ndi 27 kumudzi, abambo 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Zonsezi m'dziko lomwelo limene ana 37 mwa 100 anali opinimbira. Ndikumvetsa kuti maso anu akhala pa njala, malungo, TB ndi HIV, ndipo n'koyenera. Koma pamene munali kuyang'ana uko, kuseri kuno kwamera vuto lina, ndipo likukumana ndi mphumu m'chifuwa cha anthu omwewo. Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu, 455,000 anafa nayo, ndipo ambiri mwa omwalirawo anali a m'mayiko osauka, kumene mankhwala oyenera safika.

Lolani ndifotokoze mmene ziwirizi zimalowererana, osati poti inu simukudziwa, koma poti kalatayi aiwerenganso odwala amene palibe anawafotokozerapo. Mphumu ndi kutupa kwa tinjira ta mpweya m'mapapo. Tinjirato tikaputidwa ndi fumbi, utsi wa mbaula, chimfine kapena mphepo yozizira, timafinyika n'kudzaza makhololo. Tsono mafuta akachuluka pamimba ndi pachifuwa, amakankhira m'mwamba mnofu uja umene umatsika tikamakoka mpweya, mapapo n'kumagwira ntchito atathinikizidwa ngati munthu wa mpando wapakati m'minibasi yodzadza. M'mapapo othinikizidwa tinjira timakhala tochepa kale mphumu isanabwere n'komwe. Ikamafika imapeza theka la ntchito yake litagwiridwa. N'chifukwa chake kugona chagada ndi chinthu chimene achemwali anachiiwala.

Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti mafuta a m'thupi si katundu wongokhala phee ngati thumba la chimanga pakona. Amatulutsira m'magazi timadzi tina, monga leptin ndi interleukin-6, timene timakoleza kutupa m'thupi lonse. Kutupa kwa mtundu umenewu sikumvera msanga mankhwala a steroid opumira, amene ndiwo mzati wa chithandizo cha mphumu. Choncho anthu awiri akhoza kulandira inhela (kachitini kopopera mankhwala opumira) yofanana, wina n'kupeza bwino, wonenepayo n'kumangoti chifuwa chidakalipo, ndipo sakunama. Madokotala amasiyanitsa magulu awiri: amene anayamba mphumu ali ana, kunenepa n'kudzaikulitsa, ndi amene imawayamba atakula, atanenepa kale, ambiri mwa iwo amayi. Achemwali ali m'gulu lachiwirili. Mu 2007 akatswiri awiri a ku America anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 300,000, napeza kuti kwa munthu wonenepa kwambiri chiopsezo choyamba kudwala mphumu chimatsala pang'ono kuwirikiza kawiri.

Dandaulo langa loyamba, lalikulu kuposa onse, ndi la mankhwala. Inhela zodziwika kuno zilipo ziwiri. Yabuluu, ya salbutamol, imene ambiri timangoti Ventolin, imatsegula chifuwa kwa maola ochepa basi. Ili ngati kuzimitsa malawi pamwamba, chitsa chikunyekabe pansi. Yofiirira, ya beclomethasone, ndiyo imachotsa kutupako, munthu akamapopera tsiku ndi tsiku ngakhale akupeza bwino. Kuyambira 2019 bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a chithandizo cha mphumu padziko lonse, linanena poyera kuti munthu wamkulu kapena wachinyamata asamathandizidwe ndi yabuluu yokha, chifukwa kudalira iyo yokha kumawonjezera chiopsezo chobanika mwakayakaya ngakhale kufa kumene. Ine ndinakhala pansi ndi buku la achemwali, tsamba ndi tsamba. M'miyezi 12, inhela yofiirira anailandira kawiri. Maulendo ena onse yankho la pa windo linali limodzi: “Yatha, mukagule.” Mtengo wake ku famase umameza phindu la tomato la sabata yathunthu. M'miyezi 12 yomweyo, mapiritsi a prednisolone, amene ndi steroid wakumwa, analembedwa maulendo 9.

Sindikunyoza prednisolone. Usiku wina wa July, milomo ya achemwali itayamba kuda, ndi mankhwala amenewa pamodzi ndi makina a nthunzi amene anawabweza. Munthu akabanika kwambiri, masiku asanu a mapiritsiwa amapulumutsa moyo. Koma akamamwedwa mobwerezabwereza amatsegula njala, amaunjika mafuta pamimba, kumaso ndi kumbuyo kwa khosi, amakweza shuga ndi BP, ndipo amafooketsa mafupa. Taonani tsono mmene zimayendera. Inhela yoteteza palibe, mphumu ibuka. Apatsidwa prednisolone, anenepa. Mapapo athinikizidwa, mphumu ibukanso msanga kuposa kale. Apatsidwanso prednisolone. Pa makilogalamu 34 amene achemwali awonjezera, ena ndi a mandasi ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga, sindikana. Koma ena anachita kukawalandira pa windo la mankhwala, atakulungidwa m'kapepala, ndipo palibe anawachenjeza.

Poona kuti timapiritsi timeneti timathandiza msanga, anthu ambiri amene timakumana nawo pa mzere anayamba kale kungogula okha popanda kalata ya dokotala. Ena amamwa tsiku lililonse ngati mankhwala a mutu. Palinso mapiritsi a salbutamol ndi aminophylline, amene malangizo a masiku ano sawalimbikitsanso chifukwa amanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima. Inhela ikasowa, ndi amenewa timabwera nawo kunyumba, chonsecho mtima wa munthu wolemera thupi, wa BP, uli kale pa ntchito yakalavulagaga. Ine masamu anga ndi a Sitandade 7, komabe ndikuona kuti bedi, okosijeni, dripi ndi nthawi ya namwino wa usiku zimadya ndalama za boma kuposa kachitini kamene kakanamusunga munthuyo kunyumba.

Dandaulo lachiwiri ndi la kuyeza. Dziko lathu limadziwa ntchito ya sikelo. Mwana amapachikidwa mwezi ndi mwezi, mayi woyembekezera amayezedwa ulendo uliwonse, wolandira ma ARV chimodzimodzi. Koma m'masamba a zaka zitatu a buku la achemwali simupezeka pamene analembapo kulemera kapena kutalika kwawo. Nambala imene madokotala amaitcha BMI siifuna kompyuta: mumagawa makilogalamu ndi kutalika kwa munthu m'mamita, yankholo n'kuligawanso ndi kutalika komweko. Ikafika 25 munthu wapitirira mlingo, ikafika 30 wanenepa kwambiri. Ana a m'kalasi mwanga akhoza kuwerengera. Ya achemwali ndi 39. Sikelo ikanakhala kuti inkakweredwa, wina akanaona ali pa 75, akanaonanso ali pa 82, n'kufunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Mtunda wochoka pa 64 kufika pa 98 anauyenda pamaso pa chipatala, koma palibe anauona.

Mpweya nawo sunayezedwepo. Pali kachipangizo ka pulasitiki kotchedwa peak flow meter, kamene munthu amangouzira mwamphamvu n'kuonetsa mmene tinjira tatsegukira, ndipo pali makina a spirometer amene amatsimikizira ngati ilidi mphumu. Achemwali sanauzirepo chilichonse mwa ziwirizi. Izi zikundidetsa nkhawa chifukwa befu lililonse si mphumu. Munthu wonenepa akhoza kupuma wefuwefu chifukwa cha kulemera kokha, mtima wofooka, kuchepa kwa magazi, kapena zipsera za TB yakale. Ku Canada mu 2008 anayezanso anthu amene madokotala anawauza kuti ali ndi mphumu, napeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu analibe, onenepa ndi osanenepa omwe. Ngati zimatere kumene makina ali ponseponse, nanga kuno kumene timadalira khutu lokha? Ndiye kuti penapake pali mayi wa vuto la mtima amene akumwetsedwa prednisolone, ndipo penapake pali wa mphumu yeniyeni amene akubwezedwa kunyumba ndi mawu akuti “ndi thupi lanuli.”

Mawu amenewa andifikitsa pa dandaulo lachitatu, la pakamwa. Tsiku lina achemwali akupuma movutikira, munthu wina wovala zoyera anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena anthu onse akumva, “Mayi, muchepetse nsima, mudzafa nalo thupili.” Pa benchi anthu anaseka. Achemwali anatha miyezi inayi osapondako, akungogula mapiritsi pa okala. Munthu uja mwina ankaganiza kuti walangiza. Zoona zake anathamangitsa wodwala.

Chowawa n'chakuti mkati mwa mawu ake munali choonadi, koma anachiponya ngati mwala. Kuchepetsa thupi kumathandizadi mphumu, ndipo sikufuna kuti munthu abwerere ku utsikana. Mu 2013 ofufuza a ku Newcastle ku Australia anaona kuti odwala mphumu onenepa akachepetsa kulemera kwawo ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100, mphumu inkayamba kugonja mwa anthu 58 pa 100 aliwonse, ndipo 83 pa 100 moyo wawo wa tsiku ndi tsiku unapepuka. Kwa achemwali zikutanthauza makilogalamu 5 mpaka 10 okha. Nambala yaing'ono imeneyi palibe anawauza. Iwo ankayesa kuti akufunika kubwerera pa 64, ndipo anataya mtima asanayambe n'komwe.

Nanga achepetse bwanji? Wodwala mphumu amaopa kuyenda mofulumira chifukwa kumadzutsa chifuwa, ndiye amakwera kabaza ngakhale pa mtunda woti mwana angathamange. Akasiya kuyenda thupi limakula. Palibe amene amamuuza kuti mphumu ikagwidwa bwino ndi inhela yoteteza kuyenda kumatheka, kuti akhoza kupopera yabuluu mphindi zingapo asananyamuke, kuti ayambe pang'onopang'ono, apewe m'mamawa kozizira ndi msewu wa fumbi. Za chakudya nazo, “muchepetse nsima” si uphungu. Mayi wa mumsika amachoka pakhomo kusanache, amabwera kutada, ndipo amadya chimene chadutsa pafupi ndi benchi yake: mandasi, chipisi cha pachiwaya, chakumwa chotsekemera. Akufunika wina akhale naye pansi, awerengere limodzi masupuni a shuga ndi mafuta a m'ndiwo, amukumbutse kuti mgaiwa, nyemba, nkhwani, bonongwe ndi chisoso si zakudya za umphawi. Zinthuzi zili m'msika momwemo, zina pa benchi yoyandikana nayo.

Pali chinanso chimene mlangizi wobadwira kuno sayenera kuchita ngati sakuchidziwa. Tinatha zaka zambiri tikuika maliro a anthu owonda, ndipo mitima yathu inaphunzira kuopa kuwonda. Mayi akayamba kuchepa thupi anthu amanong'onezana, apongozi amafunsa ngati mwamuna akumusamala, makasitomala amamuyang'ana kawiri. Achemwali anandiuza okha kuti, “Ndikaonda anthu aziti chiyani?” Uphungu umene sunayankhe funso limeneli umathera pa geti ya chipatala.

Dandaulo lachinayi: munthu ndi mmodzi, mizere ndi yambiri. BP ili ndi tsiku lake, mawondo tsiku lawo, mphumu imaonedwa pokhapokha ikabuka. Ulendo wina achemwali analembedwa propranolol wa BP. Mankhwala a gulu limeneli amafinya tinjira ta mpweya, ndipo wa mphumu sayenera kumwa. Sabata yomweyo tinagona kuchipatala. Amene analemba sanafunse, ndipo buku limene munali mbiri ya mphumu linali litadzaza, anali atagula latsopano. Mawondo a munthu wolemera amawawa, ndiye amamwa brufen, diclofenac kapena aspirin, amene kwa odwala ena amadzutsa mphumu. Chilungulira ndi mkonono wodukizadukiza, uja woti munthu amaleka kupuma ali m'tulo kenako n'kudzidzimuka, zimakonda anthu onenepa ndipo zimasokoneza chifuwa usiku. Za ziwirizi sitinafunsidwepo, chonsecho alamu anga akanazifotokoza bwino lomwe.

Ndiikepo mawu pa za ma ARV, mosamala, poti sindikufuna aliyense andimve molakwa. Kuyambira 2019 anthu ambiri m'dziko muno ali pa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Ndi abwino, ndi amphamvu, ndipo wina aliyense asayerekeze kuwasiya. Koma kafukufuku, kuphatikizapo wa ku Johannesburg, waonetsa kuti ena amanenepa nawo, makamaka amayi. Komanso ma ARV okhala ndi ritonavir amasemphana ndi inhela za fluticasone ndi budesonide, n'kuchititsa kuti steroid achuluke m'magazi, pamene beclomethasone savuta chotero. Zinthu ngati izi zimaoneka pokhapokha mabuku onse a munthu ali pa tebulo limodzi. Ndipo chitsanzo chilipo konkuno. Ku Neno, boma pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anayamba mu 2015 kuona odwala HIV, BP, shuga, khunyu ndi mphumu m'kiliniki imodzi, tsiku limodzi. Ngati zatheka ku Neno, ndi misewu yake ija, ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba zikanika pati?

Lachisanu ndi lalifupi. Ngakhale inhela ipezeke, ambiri sitidziwa kupopera. Achemwali anatha zaka akupopera lilime, mankhwala osafika m'mapapo. Mu 1999 madokotala a ku Cape Town anaonetsa kuti botolo lapulasitiki la 500 ml, lobooledwa kumunsi kuti inhela ilowe, limagwira ntchito ngati spacer yogula, kachipangizo kothandiza kuti mankhwala a inhela afike m'mapapo. Kuno ku chipatala cha Gulupu, ofufuza anatsatira ana 120 a mphumu, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti ana amene anaunikidwa bwino, kupatsidwa inhela yoyenera ndi kuphunzitsidwa kagwiritsidwe kake anapeza bwino, anachepetsa kuthamangira kuchipatala ndi kujomba kusukulu. Ine monga mphunzitsi ndimawaona ana amathupi akulu amene amakhala pansi pa mtengo nthawi ya masewera poopa chifuwa. Mwana ameneyo akuyamba ulendo wa achemwali ali ndi zaka 10.

Choncho, olemekezeka, ndikupempha izi:

1. Inhela yoteteza ipezeke pa chipatala chilichonse cha boma, kuphatikizapo zing'onozing'ono za kumidzi, ndipo iziwerengedwa mwezi ndi mwezi monga muwerengera mankhwala a malungo ndi ma ARV. Central Medical Stores Trust ndi maofesi a zaumoyo a m'maboma azilengeza poyera miyezi itatu iliyonse kuti zipatala zingati zili nayo. Inhela yophatikiza budesonide ndi formoterol ili pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira. Ifikenso kwa odwala amene yofiirira yokha siikuwakwanira, ndipo onenepa ambiri ali m'gulu limenelo.

2. Pakhale lamulo losavuta: aliyense amene walandira prednisolone wa mphumu kawiri kapena kuposa m'chaka chimodzi aunikidwenso mwapadera, ayezedwe shuga ndi BP, ndipo auzidwe zimene mapiritsiwa amachita m'thupi.

3. Wodwala mphumu aziyezedwa kulemera ulendo uliwonse, kutalika kwake kulembedwe patsamba loyamba la buku, BMI iwerengedwe. Peak flow meter ikhale m'chipinda chilichonse choonera odwala, spirometer pa chipatala chilichonse cha boma pamodzi ndi munthu wodziwa kuigwiritsa ntchito, isamangokhala m'katoni.

4. Njira ya ku Neno ifalitsidwe, kuti mphumu, BP, shuga ndi HIV zionedwe pamodzi. Ikadachedwa imeneyo, yambani ndi chidindo chakuti MPHUMU pachikuto cha buku, kuti wolemba mankhwala a BP kapena a mawondo aone asanagwire cholembera.

5. Ku Kamuzu University of Health Sciences, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ophunzira aphunzitsidwe kulankhula za kulemera kwa munthu popanda kumuchititsa manyazi, pambali, osati pa gulu. Alangizi a zaumoyo a m'midzi aphunzitsidwe kupopera inhela ndi kukonza spacer ya botolo. Uthenga wa makilogalamu 5 mpaka 10 umveke pa wayilesi m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, ndipo unene mosabisa kuti kuchepetsa thupi mwadala si chizindikiro cha matenda.

6. Bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA liletse kugulitsa prednisolone popanda kalata ya dokotala. Koma chonde yambani ndi pempho loyamba lija. Mukatseka khomo ili inhela palibe, mwangomulanda munthu ndodo yokhayo imene anali nayo.

7. Inu aphungu, mu 2001 ku Abuja mayiko a mu Africa analonjeza kupereka magawo 15 pa 100 a bajeti ku zaumoyo. Pokambirana bajeti funsani kuti ndalama za matenda osapatsirana ndi zingati, ndipo mwa izo za mphumu ndi zingati. South Africa inayamba kudula msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018. Unikani ngati njira yotere ingathandize kuno, ndalama zake n'kupita ku mankhwala.

Tsiku lokumbukira mphumu padziko lonse limakhala Lachiwiri loyamba la May, patangotsala masabata ochepa kuti chisanu chiyambe. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ndingakondwe tsikulo likanakhala la kulengeza kuti inhela zafika m'maboma, osati la malaya ndi zikwangwani zokha.

Kwa inu amene mukuwerenga kalatayi muli odwala kapena osamalira odwala: musasiye mankhwala alionse chifukwa cha zimene ndalembazi, makamaka prednisolone ngati mwamwa nthawi yaitali, poti kusiya mwadzidzidzi n'koopsa. Tsegulani buku lanu, muwerenge kuti walembedwa kangati chaka chino, mukafunse adokotala za inhela yoteteza, ndipo kalatayi muitumize kwa phungu wa kwanu.

Ife abale tinasonkherana, tinagulira achemwali inhela yofiirira ya miyezi itatu. Botolo ndinaboola ndekha ndi mpeni wotentha. Madzulo aliwonse ana akaweruka amabwera kudzazungulira bwalo la sukulu yathu, poyamba kamodzi, tsopano kanayi. Shuga wa m'tiyi wafika pa supuni imodzi, ngakhale amadandaula kuti ndi madzi otentha chabe. Atsika makilogalamu 4, ndipo m'miyezi itatuyi tathamangira kuchipatala usiku kamodzi kokha. Kachitini kamene ali nako katha pakapita masabata atatu, ndipo thumba la abale lauma. Ndidzawaperekeza pa windo, ndipo zimene tikauzidwe kumeneko ndidzakulemberaninso.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi, mlongo wa wodwala mphumu
Blantyre